Noah yathu yogonamo patatha miyezi 10

Mu Seputembala chaka chatha ndinalemba za Toyota Noah ya 2010 imene tinagula ku Lusaka n'kuisandutsa kanyumba koyenda nako. Nthawi imeneyo ndinali nditagonamo usiku umodzi wokha ku Mfuwe, koma ndinaitamanda kwambiri. Ndinati imaposa galimoto yobwereka pa zonse, ndiponso kuti nkhani yolipira malo ogona yatha. Tsopano tawoloka nayo ku Malawi kanayi, ine ndi mayi a ana, ndipo mawu ena aja ndiyenera kuwabweza.

Chimene sichinandikhumudwitse ndi bedi. Kalipentala wa ku Kapata, kuno ku Chipata, anatichotsera mipando yakumbuyo n'kukhoma thabwa lopindika pakati, pansi pake n'kusiya malo a mapoto, mbaula ya gasi ndi chigubu cha madzi cha malita 20. Mahinjesi awiri anamasuka chifukwa cha mabampu, ndinawamanga ndekha ndi sikuludilaiva. Matiresi akadali bwino. Injini ya malita 2.0 sinatsokomolepo, ndangosintha oyilo kawiri.

Chimene ndinalakwitsa kwambiri ndi kutentha. Ulendo woyamba tinapita ku Senga Bay mu Okutobala, mwezi umene ngakhale kuno ku Chipata munthu amagona pakhonde. Kunyanja n'kotsika kuposa kwathu, ndipo chitsulo cha galimoto chimasunga dzuwa la tsiku lonse. Cha m'ma 11 usiku tinali maso, thukuta lili kamukamu, chitenje chimene tinayala chitanyowa ngati chochapa. Ndikatsitsa galasi udzudzu umalowa, ndikatseka mpweya umatha. Mayi anangoti, "Bambo, tulukani muyale mkeka panja, ine sindifera m'bokosi muno." Tinagona pamchenga, neti titaimangirira ku chitseko cha galimoto ndi ku nthambi ya mtengo. M'mawa ndinakafunsa chipinda. Ngakhale masiku amene tagona m'galimoto momwemo, eni malo amalipiritsa ndithu malo oimikapo, chimbudzi ndi bafa. N'zotchipa kuposa chipinda, koma si zaulere monga ndinanenera.

Titabwerako telala anatisokera timaneti ta m'mawindo tokhala ndi maginito m'mphepete, timamatira pachitsulo galasi lili lotsitsa. Pa zonse zimene ndawonongerapo ndalama, timeneti ndiye tagwira ntchito kuposa china chilichonse. Mu Juni tinagona ku Dedza, kumene kumazizira mpaka mano kugwedezeka, ndipo usiku umenewo ndi umene ndinamvetsa ubwino weniweni wa galimotoyi: bulangete limodzi, mawindo otseka, tulo mpaka tambala wachitatu.

Filiji yaing'ono imene ndinaika m'galimoto ndinaiyamikiranso msanga. Ndinailumikiza ku batire la galimoto, ndipo tsiku lina m'mawa kiyi anangoti "tche", injini osaliza. Noah ndi ya otomatiki, siilizidwa pokankha. Tinadikira maola awiri mpaka munthu wina wachifundo atabwera ndi mawaya. Amene mukufuna filiji, gulani batire lachiwiri lapadera, apo ayi muzigula madzi oundana n'kuika m'kabokosi kosungira zozizira, monga tikuchitira ife tsopano.

Za mapepala ndiye ndakhwimapo. Boda ya Mwami ili pafupi, osakwana ola kuchoka m'tauni, ndipo chiyambireni pamene mapulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula nyumba imodzi yochitiramo zonse mu Disembala 2022, munthu sumaimanso kawiri, ku Mwami kenako ku Mchinji. Koma nyumba yatsopano siichotsa pepala ngakhale limodzi. Ine ndimanyamula white book (chikalata cha umwini wa galimoto), laisensi, chikalata cha apolisi a Interpol chosonyeza kuti galimoto si yakuba, ndi COMESA Yellow Card, imene ndi inshuwalansi yolipira munthu amene mwamugunda kapena kumuwonongera katundu kunjako. Mbali ya Malawi amakupatsani chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi. Chisungeni bwino chifukwa amachifuna pobwerera, ndipo pamarodibuloko angachifunse. Zonsezi ndimaziika m'fayilo imodzi yapulasitiki, pamodzi ndi mafotokope ake. Matrayango awiri ndi chozimira moto zimakhala pansi pa mpando wa dalaiva.

Apa ndi pamene kukhala ndi galimoto yakoyako kumaposadi kubwereka. Tisanagule Noah, ndinabwerekapo galimoto ku kampani ina, ndinalipiriratu, ndipo nditatchula za Lilongwe pa tsiku loitenga anandiuza kuti kutuluka nayo m'dziko kumafuna kalata yachilolezo ya mwini galimoto ndi ndalama ina yowonjezera. Kalatayo inatenga masiku awiri a tchuthi changa. Sindikunena kuti kubwereka n'koipa. Munthu amene amayenda kamodzi pachaka asavutike ndi kugula, chifukwa ine msonkho wa pamsewu, inshuwalansi ndi matayala ndimalipira ngakhale galimoto itangoima pabwalo. Koma wobwereka afunse za boda asanapereke ngakhale ngwee imodzi, ndipo yankho lilembedwe papepala.

Petulo ndiye amalamula kutalika kwa ulendo. Ku Malawi mafuta akhala akusowa nthawi ndi nthawi kuyambira 2022, ndipo ndaonapo ndi maso anga mzere wa magalimoto ku Lilongwe wokhota misewu iwiri. Thanki ya Noah ndi ya malita 60, ndipo ikadzaza katundu imandiyendera pafupifupi makilomita 10 pa lita. Kuchoka ku Chipata kudzera ku Mchinji, Lilongwe ndi Salima mpaka Senga Bay n'kubwerera ndi makilomita opitirira 500 pang'ono, ndiye ndikathira full tank kuno ndimabwerera singano itagona koma osapempha munthu. Ku Cape Maclear sizitheka, kupita ndi kubwera kumadutsa 700. Tikamapita kumeneko ndimathira paliponse pamene ndaona pampu ikugwira ntchito, ngakhale thanki itangotsika pang'ono. A m'zigubu a m'mbali mwa msewu sindinathirepo, ndimaopera injini.

Ulendo wa ku Cape Maclear womwewo unandiphunzitsa za mabuleki. Mukadutsa pa tollgate ya Kalinyeke ndi pa Dedza, mumakhotera kumanzere kutsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Ndi msewu wokongola, chigwa chonse chimaoneka pansi, koma ndi wokhotakhota ndiponso wotsetsereka. Ndinatsika phazi lili pa buleki njira yonse. Tisanafike pansi fungo la chopserera linadzaza m'galimoto, buleki n'kuyamba kufewa. Ndinaima pambali, mtima ukugunda, mayi ali chete atagwira chitseko. Makaniko wanga nditamufotokozera anandidzudzula kuti pamtsetse wotero giya imatsitsidwa kuti injini izigwira galimoto, buleki n'kumangothandiza. Tinasintha mapadi akutsogolo, ndipo ulendo wotsatira ndinatsika bwinobwino.

Chomaliza ndi kufupika. Noah ndi galimoto ya m'tauni, mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Tinafuna kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina anajambula ndi Akafula, zina ndi makolo athu Achewa pa chinamwali ndi pa Nyau, ndiye kwa ine unali ulendo wofunika kuposa wa kunyanja. Msewu wafumbi wopita ku Mphunzi unatikhula pansi katatu, ndipo pamalo ena mayi anatsika n'kumandilozera pamene tayala lidutse. Tinafika, tinaona, koma nthawi ya mvula sindingayerekeze.

Kodi ndingaigulenso? Inde, koma ndikanayamba ndi maneti ndi batire lachiwiri, filiji pambuyo. Kumapeto kwa Ogasiti tikakhala ku Kulamba ku Mkaika, kenako tikufuna kudutsa pa boda ya Chanida kulowa ku Mozambique mpaka ku Tete. Dziko limenelo silili mu COMESA, ndiye Yellow Card yanga siikagwira ntchito, inshuwalansi tikagula ya komweko. Ku Tete n'kotentha kuposa ku Salima, choncho mayi anena kale kuti kumeneko tikagona m'chipinda.