CVCX inandiuza zoona pa nkhani ya mpamba wanga

Kuwerenga makhadi a blackjack, masewera a njuga a m'kasino opikisana ndi wogawa makhadi, ndinadziphunzitsa ndekha pa tebulo la kukhitchini kuno ku Leeds, usiku ndikaweruka ku ntchito yosamalira okalamba. Njira ya Hi-Lo ndi yosavuta: likatuluka khadi la 2 mpaka 6 umawonjezera imodzi, la 7 mpaka 9 umangolisiya, 10, azithunzi aja ndi Ace umachotsera imodzi. Nambala imene wapezayo umaigawa ndi mapaketi otsala m'bokosi, n'kupeza imene amaitcha true count, yomwe ikakwera ndiye kuti makhadi otsalawo akukomera wosewera. Patatha miyezi itatu ndinkamaliza paketi yonse m'masekondi 30, ndipo ndinayamba kudzimva.

Koma kubetcha kwake ndinkangolota. Nambala ikakwera, mtima phaphapha, ndinkakankha £100 patebulo la £10, pomwe mpamba wanga wonse unali £2,000.

Apa ndi pamene ndinagula CVCX, pulogalamu ya pakompyuta ya Norm Wattenberger wa kampani ya QFIT. Ndinaiika pa laputopu ya Windows ya alamu anga. Musayembekezere masewera, mulibe wogawa makhadi womwetulira. Mumalowetsa malamulo a tebulo lanu: mapaketi angati, wogawa amaima kapena amatenga khadi lina pa soft 17 (17 yokhala ndi Ace yowerengedwa ngati 11), amagawa mpaka pati asanasakanizenso, mpamba wanu ndi beti yochepetsetsa. Iyo imakubwezerani ndalama yoyenera kuika pa true count iliyonse, phindu la pa ola, ndi mwayi woti mpamba wonse upsa.

Chimene ndinaikondera n'choti ukasintha kanthu kamodzi, manambala onse amasuntha ukuona. Ndinangochepetsa makhadi amene amagawidwa asanasakanize, phindu linagwa moti ndinayamba kuyang'anitsitsa pamene wogawa amaika kakhadi kodulira kaja, kosonyeza pofunika kusakanizanso. Kale sindinkakalabadira n'komwe.

Masamu ake ndi a John Kelly, a mu 1956, omwe Edward Thorp anawabweretsa ku blackjack. Pa mapaketi 6 kasino amayamba ali patsogolo ndi pafupifupi theka la peresenti, ndipo true count ikakwera ndi imodzi iwe umapeza theka la peresenti. Ndiye pa +3 uli patsogolo ndi 1 peresenti basi. Tenga 1 peresenti ya £2,000, ugawe ndi 1.3 chifukwa cha kukwera ndi kutsika kwa masewerawa, yatuluka £15. Ine ndinkaika £100! Komanso amene amabetcha ndalama yonse imene masamu a Kelly atulutsa, osatsitsa beti akamaluza, mwayi woti atsala manja lende ndi 13.5 peresenti. N'chifukwa chake ochenjera amatenga theka lake, ndipo theka la £15 silifika ngakhale pa beti yochepetsetsa ya tebulo langa. Ndinakhala duu, tiyi mpaka kuzizira.

Ongoyamba kumene, musathamangire kugula. Ngati basic strategy, ndondomeko ya kaseweredwe koyenera pa makhadi alionse amene mwapatsidwa, simunailoweze pamtima, mawu a m'pulogalamuyi ngati SCORE ndi N0 angokuzunguzani mutu. Ine zinanditengera masiku angapo kuti ndimve kuti N0 ndi kuchuluka kwa magemu ofunika kusewera kuti luso liyambe kuoneka pakati pa mwayi ndi tsoka, ndipo amakhala masauzande ambirimbiri.

Kukasino sindinapiteko kuyambira Marichi. Sabata yatha ndinangosuzumira podutsa, ndinapeza patebulo langa lija aikapo makina osakaniza makhadi osalekeza, oti ungawerenge mpaka mbandakucha palibe chotolapo.