PhD ya maphunziro a za anthu: kuphunzirira kuno, kupita ku Ulaya, kapena kuponda mbali zonse ziwiri?

Munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje amene wamaliza digiri ya masitazi m'maphunziro a za chikhalidwe cha anthu, zachuma, ndale kapena mbiri, sasowa nkhani yoti afufuze pa PhD. Nkhani zili pakhomo pomwe: kuchepa kwa malo olima m'midzi yozunguliridwa ndi minda ya tiyi, mbiri ya thangata, mabanja amene anasamuka Namondwe Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023, ndiponso malonda a pachipata cha Muloza. Chimene chimasowa ndi ndalama, komanso munthu womuwongolera kwa zaka zitatu kapena zinayi. Ambiri akamayerekeza masikolashipu amathamangira kuona kukula kwa ndalama yapamwezi, koma ine ndimayesa njira iliyonse ndi mafunso ena awiri: ndani adzalipire miyezi imene mudzakhale m'midzi mukucheza ndi anthu, ndipo ndani adzawerenge zolemba zanu pa nthawi yake.

Njira yoyamba ndi kulembetsa kuno kwathu. Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene inatsala payokha makoleji ena atapatuka mu 2021, ndiyo ili ndi mizu yaitali pa maphunziro awa, ndipo nthambi yake ya Centre for Social Research yakhala ikufufuza za moyo wa Amalawi kuyambira 1979. Yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa ku Ndata mu 2014, imadziwika ndi sayansi, komabe ili ndi sukulu ya za chikhalidwe ya Bingu School of Culture and Heritage, ndipo ili m'boma la Thyolo momwemo. Ubwino wophunzirira kuno ndi woonekeratu. Simusiya ntchito kapena banja, mlangizi wanu sadabwa mukamufotokozera za chikamwini ndi mmene munda umayendera kuchikazi, ndipo mukapeza kuti funso lina silinayankhidwe bwino, mumakwera minibasi n'kubwerera kwa amene munacheza nawo. Vuto ndi lakuti kawirikawiri fizi ndi ndalama za kafukufuku zimachokera m'thumba lanu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, motero amene anawerengeratu ndalama za mafuta, za othandizira kufunsa mafunso ndi zosindikizira anapeza kuti bajeti yawo yasanduka pepala chabe. Aphunzitsi oyenera kuwongolera PhD ndi ochepa ndipo ali ndi makalasi odzaza, pamene wophunzirayo nayenso masana ali kuntchito. Zaka zinayi zimatalika mosavuta.

Njira yachiwiri ndi kupita kunja kwa zaka zonse. Sikolashipu ya Commonwealth, imene ndalama zake zimachokera ku boma la Britain, imalipira fizi, tikiti ya ndege ndi ndalama yapamwezi kwa zaka zitatu, ndipo pali kenakake ka mkazi kapena mwamuna ndi ana ngati apita nawo. Amafuna kuti mufotokoze mmene kafukufukuyo adzathandizire chitukuko cha dziko lanu, ndiponso mulonjeze kubwerera mukamaliza. Kuyambira 2021 ndalama za UKRI, bungwe la boma la Britain lolipirira kafukufuku, kuphatikizapo za nthambi yake ya ESRC yoona za maphunziro a za anthu, zinatsegukiranso ophunzira ochokera kunja kwa Britain, koma malo awo sapitirira 30 pa 100 alionse, ndipo mumapikisana ndi dziko lonse lapansi. Ndalama yochepetsetsa imene wophunzira wa UKRI ankalandira pa chaka chonse cha 2025/26 inali mapaundi 20,780, imene ikasinthidwa m'makwacha imachititsa chizungulire, ngakhale kuti lendi ya chipinda chimodzi ku London imadya gawo lalikulu. Chenjezo lina ndi lakuti UKRI imalipira fizi pa mlingo wa mbadwa za ku Britain, choncho muyenera kufunsiratu ngati yunivesiteyo idzakhululuke yotsalayo. Ku Germany kuli sikolashipu ya bungwe la DAAD, imene ingathandize mpaka zaka zinayi ndipo imayamba yakuphunzitsani Chijeremani. Mayunivesite ambiri a boma kumeneko salipiritsa fizi, koma nthawi zambiri muyenera kupeza kaye pulofesa wovomera kukuwongolerani, ndipo ulendo wonse umadalira kwambiri munthu mmodziyo.

Pa maphunziro a kafufuzidwe, njira iyi ilibe mnzake. Mumaphunzira bwino kasanthulidwe ka ziwerengero ndi ka zokambirana, laibulale imakupatsani pa intaneti magazini a akatswiri amene kuno ndi odula, ndipo muli ndi anzanu otsutsana nawo mlungu uliwonse. Koma pa funso langa loyamba imafooka. Thandizo la Commonwealth la kafukufuku wa kumudzi kawirikawiri limakhala tikiti imodzi yopita ndi kubwerera. Tikitiyo imakufikitsani pa Chileka, osati ku Thekerani kapena kuseri kwa phiri la Mulanje. Galimoto kapena njinga yamoto, malo ogona, womasulira Chilomwe kwa agogo amene amamasuka nacho, ndi wolemba zonse zojambulidwa, zimafuna thumba lina limene muyenera kulisaka nokha.

Palinso nkhani ya nyengo, imene kalendala ya yunivesite ya ku Ulaya siidziwa. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri ndipo othyola amakhala kumunda kuyambira m'bandakucha, alimi ali pa chimanga chawo, misewu ya fumbi yasanduka matope. Wofufuza amene wapatsidwa miyezi imeneyi kuti atolere zonse amapeza anthu otopa ndiponso a changu. Asanayambe n'komwe, ayenera kukhala ndi chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, kaya ya National Commission for Science and Technology kapena ya yunivesite yovomerezeka kuno, ngakhale atakhala nacho kale cha kunja. Kenako pali kalata ya kwa DC, ulendo wa kwa mfumu yaikulu, ndi kukaonekera kwa a gulupu ndi anyakwawa. Pa nkhani ya malo makamaka, anthu sangakuuzeni zakukhosi tsiku loyamba, chifukwa amayamba afuna kudziwa ngati simunatumidwe ndi esiteti kapena ndi boma. Kukhulupirirana kotere kumafuna kubwerabwera, ndipo amene ali ndi tikiti imodzi alibe mwayi umenewo.

N'chifukwa chake njira yachitatu, yoponda mbali zonse ziwiri, ndimaiona kuti ndi yabwino kuposa zinazo kwa amene angaikwanitse. Commonwealth yomweyo ili ndi sikolashipu ya Split-site, imene imatenga munthu wolembetsa kale PhD kwawo n'kumupititsa ku Britain kwa miyezi 12, pansi pa alangizi awiri, wa kuno ndi wa uko. Mungathe kutolera zonse ku Thyolo mosathamanga, n'kukagwiritsa ntchito chakacho posanthula ndi kulemba muli pafupi ndi laibulale. Siimalipira fizi ya kuno, ndipo imafuna kuti alangizi awiriwo akhale ogwirizana kale. Bungwe la CARTA, mgwirizano wa mayunivesite wophunzitsa ofufuza mu Africa, limene linayamba mu 2008 motsogoleredwa ndi bungwe lofufuza zaumoyo la APHRC la ku Nairobi ndi Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, lili ndi yunivesite ya ku Malawi m'gulu lake pamodzi ndi mayunivesite a Makerere, Ibadan ndi ena. Ophunzira ake amalembetsa m'mayunivesite a mu Africa, amalandira ndalama yapamwezi ndi ya kafukufuku, ndipo amakumana pa maphunziro akuluakulu anayi otsatizana ndi magawo a ntchito yawo, kuyambira pa kukonza funso mpaka pa kulemba. Chimene ndimayamikira kwambiri ndi chakuti amathandiza mayi woyamwitsa kubwera ndi mwana pamodzi ndi womulera, chinthu chimene opereka ndalama ambiri sachiganizira. Koma khomo lake ndi lopapatiza: muyenera kukhala wogwira ntchito pa yunivesite kapena bungwe la m'gululo, ndipo mutu wanu ukhudze zaumoyo wa anthu. Kwa a zachuma okha pali pulogalamu ya AERC, bungwe lofufuza zachuma la ku Nairobi, imene imasonkhanitsa ophunzira a m'mayiko ambiri pa makalasi ozama asanayambe kafukufuku. DAAD nayonso imalipirira ena kuti aphunzire m'mayunivesite osankhidwa a mu Africa momwe muno.

Choncho mphunzitsi wa pa yunivesite amene mutu wake ndi wa m'midzi ya kuno ayambe wayesa Split-site kapena CARTA. Wogwira ntchito kukhonsolo kapena m'bungwe loti si la boma adzapeza kuti CARTA ndi yotseka kwa iye, ndipo ngati akufuna kuzama pa ziwerengero, Commonwealth yathunthu kapena DAAD ndizo zomuyenera, bola ayambiretu kusaka ndalama ya kumudzi asananyamuke. Kudzilipirira nokha kuno ndingakulimbikitse pokhapokha mlangizi wavomera mwa kalata, ndipo mwafunsa mwakachetechete kwa amene anadutsa m'manja mwake kuti chaputala chimatenga nthawi yaitali bwanji chisanabwerere. Mafomu a Commonwealth a PhD kawirikawiri amatseka cha m'ma Okutobala kwa oyamba chaka chotsatira, ndipo mayunivesite ambiri a ku Britain amafuna mayeso a Chingerezi a IELTS, amene zotsatira zake zimagwira ntchito kwa zaka ziwiri zokha, motero makalata opita kwa amene mukufuna kuti akuwongolereni ayenera kutumizidwa miyezi ingapo nthawiyo isanakwane.