Hatchi, poni kapena bulu: pa famu ya alendo muyambe ndi chiti?

Nkhani imeneyi imabwera pafupipafupi pakati pa ife amene timagwira ntchito m'makola a mahatchi kuno ku Joni, makamaka anzathu amene asungako kandalama nde akuganiza zokatsegula kamalo ka alendo kumudzi, kaya ku Dedza kaya m'mbali mwa nyanja. Ambiri maso amathamangira pa hatchi yaikulu poti ndi imene imaoneka bwino pa chithunzi. Ine ndimasamalira zonse zitatu pa famu ya alendo ndipo zonse ndimazikonda, koma abale anga ziwetozi sizofanana olo pang'ono, kadyedwe, matenda, mtima, ntchito imene chilichonse chingakwanitse, zonse ndi zosiyana.

Bizinesi imeneyi yokweza alendo mahatchi pa famu kwawo ndi ku America. Anyamata atatu apachibale a kwa Eaton anayamba kulandira alendo olipira pa famu yawo ku North Dakota cha m'ma 1880, mu 1904 anasamukira ku Wolf ku Wyoming ndipo famuyo ikulandirabe anthu mpaka lero. Pofika 1926 eni mafamu oterewa anali atachuluka moti anapanga bungwe lawo, Dude Ranchers' Association, ku Bozeman ku Montana. Kumeneko mlendo akafika amamuyang'ana thupi, kumufunsa ngati anakwerapo, nde amamupatsa hatchi imodzi yoti akhale nayo sabata yonse, osati lero iyi mawa ina. Ganizo limenelo ndi limene ine ndimafuna titengere, loti chiweto chimasankhidwa poyang'ana munthu amene achikwere.

Tiyambe ndi hatchi yaikulu. Imeneyi ndi imene imabweretsa ndalama zambiri pa ulendo umodzi, palibe kutsutsa, chifukwa imanyamula munthu wamkulu, imathamanga, imayenda mtunda wautali, ndipo mlendo amene amadziwa kukwera sangakulipireni kuti aziyenda mwakachetechete kumbuyo kwa bulu. Ku America amadalira kwambiri mtundu wa hatchi wotchedwa Quarter Horse, kuno ku South Africa mtundu wa Boerperd umagwira ntchito yomweyo bwino zedi. Lamulo limene timayendera ndi loti hatchi isanyamule zopitirira 20 peresenti ya kulemera kwake, kuwerengera ndi chishalo chomwe, ndiye hatchi ya makilo 500 imanyamula pafupifupi makilo 100 basi. Mlendo wolemera kuposa pamenepo mumuuze mwaulemu kuti lero ayi, msana wa hatchi ukaphwanyika ndi miyezi osagwira ntchito.

Koma kudya kwake. Hatchi yomweyo ya makilo 500 imafuna udzu wouma pafupifupi makilo 10 tsiku lililonse, madzi malita 30 mpaka 40 kapena kuposa kukatentha, kuphatikiza chakudya chowonjezera ngati ikugwira ntchito kwambiri, ndipo imadya chonchi kaya alendo abwera kaya sanabwere, mwezi wa Febuluwale mvula ili pakati loji ili gwa yotseka, iyo ikudyabe. Ziboda zimafuna wodula pakatha masabata 6 mpaka 8, mano amafuna kupalidwa kamodzi pa chaka. Nde pali vuto la m'mimba, hatchi sisanza, mukaisinthira chakudya mwadzidzidzi kapena ikapeza thumba la madeya n'kulimaliza, m'mimba mumapotokola ndipo ikhoza kufa usiku womwewo. Ngati dotolo wa ziweto amene amadziwa mahatchi ali kutali ndi inu, limenelo liganizireni musanatulutse ndalama.

Chinanso ndi mtima wake. Hatchi ikaopa imathawa kaye, kuganiza pambuyo. Jumbo youluka ndi mphepo, njinga yamoto yotulukira pakona, nkhwali youluka pamapazi, hatchi yadumphira pambali mlendo ali pansi. N'chifukwa chake ya alendo imafunika ikhale yamphongo yothena kapena yaikazi yofatsa, yazaka 8 kupita mtsogolo, imene yaonapo zambiri. Ndipo chonde anzanga, mahatchi opuma pa mpikisano wothamanga aja amene amagulitsidwa motchipa kuno, musakopeke nawo mtengo. Anaphunzitsidwa kuthamanga basi, thupi lawo limafuna chakudya chambiri, ziboda zawo sizilimba pamiyala, ndipo kuti afike ponyamula mlendo wosadziwa pamafunika munthu waluso ndi nthawi yaitali.

Pa matenda ndi pamene kusiyana kumakula kwenikweni kuno kwathu ku Africa, ndipo apa za ku Wyoming sizitithandiza. Nthenda ya mahatchi yotchedwa African horse sickness imafalitsidwa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono timene timaluma madzulo ndi m'mamawa nthawi ya mvula, ndipo hatchi yopanda katemera ikagwidwa, mwa 10 alionse 7 mpaka 9 amafa. Nyulu, ana a bulu ndi hatchi, zimafa pafupifupi theka, pomwe abulu a kuno ambiri amapulumuka, ena osaonetsa n'komwe kuti adwala. Poni pa matenda amenewa ndi hatchi basi, kuchepa kwa thupi sikuiteteza. Ku South Africa katemera wake ndi wa kampani ya Onderstepoort, jekeseni ziwiri motalikirana masabata atatu, ndipo timabaya pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala tizilomboto tisanachuluke. Onjezerani nkhupakupa, ndiponso kashembe ngati malo anu ali pafupi ndi nkhalango ngati Nkhotakota, Kasungu, Vwaza kapena Liwonde. Sizikutanthauza kuti kumudzi hatchi singakhale ayi, pa phiri la Zomba anthu akhala akukwera mahatchi, ku Nyika kunali maulendo a pahatchi, ku Kande ku Nkhata Bay alendo amalowa nawo m'nyanja momwe kukasambira. Koma amene amasunga mahatchi amenewo katemera ndi mankhwala a nkhupakupa sachita nazo chibwana.

Tsopano poni, nde apa mundimvetse bwino chifukwa anthu ambiri amasokoneza. Poni si mwana wa hatchi. Ndi hatchi yokhwima imene kutalika kwake pa linunda sikupitirira masentimita 148, ndipo mkati mwa muyeso umenewo muli nyama ziwiri zosiyana kwambiri. Pali tating'ono tija ngati Shetland, timene sitipitirira masentimita 107, taubweya wambiri tokongola, makolo akangotiona amafuna kukwezapo mwana pompo. Timeneti ndi tanzeru kwambiri ndipo vuto lake lili poti munthu wamkulu sangatikwere kuti atiphunzitse, ndiye timaphunzitsidwa ndi ana, mapeto ake timazolowera kuika mutu pansi kudya udzu mwana akukoka chingwe akulira, pena kuluma m'matumba mwa alendo kufuna karoti. Ngati muli nako kaponi kotere, mwana azikwera wamkulu atagwira chingwe, helimeti ili kumutu, ndipo alendo asamakadyetse pamanja. Komanso timanenepa msanga. Msipu wobiriwira wa mvula yoyamba umatitupitsa mkati mwa ziboda, kumangoima miyendo yakutsogolo itatambasuka kukana kuyenda, ululu wake ndi woopsa ndipo kakadwala kamodzi kamabwerezabwereza.

Nde pali poni yaikulu, ya masentimita 140 kupita mtsogolo, ndipo imeneyi ndi imene ine ndimaiika patsogolo pa zonse. Pitani ku Lesotho mukaone. Ku Malealea ndi ku Semonkong alendo ochokera kunja, ena oti sanakwerepo chibadwire, amayenda pa Basotho pony m'tinjira ta m'mapiri totsetsereka, kuwoloka mitsinje, kugona m'midzi, ena kukaona mathithi a Maletsunyane a mamita 192 aja. Chimene chimandisangalatsa ku Malealea n'choti maponi ambiri ndi a anthu a m'mudzi momwemo, loji imangolumikiza mlendo ndi mwini poni, ndalama n'kulowa m'mudzi. Poni yotere, kapena Nooitgedacht imene inachokera ku mtundu womwewo, imanyamula mwana wa sukulu, imanyamula mayi kapena bambo wa makilo 65 kapena 70, imadya mochepa kuposa hatchi yaikulu, ziboda zake ndi zolimba moti zambiri zimayenda popanda nsapato zachitsulo, ndipo mlendo wamantha akayang'ana pansi amaona kuti si patali, mtima umakhala m'malo. Alendo ambiri amene amabwera pa famu ndi mabanja ndi anthu oyamba kumene, akatswiri ndi ochepa. Chiweto chimodzi chotumikira anthu ambiri chonchi pa bajeti yochepa ine sindinachione china.

Bulu ndiye amene timamulakwira kwambiri. Kumudzi timamudziwa pa ngolo, ku Dedza ndi ku Lilongwe atasenza njerwa kapena migolo ya madzi, mabala pakhosi chifukwa chomumanga goli la ng'ombe limene silinapangidwire thupi lake, chikwapu chili pamsana. Nde munthu akamva zoika bulu pa malo a alendo amaseka. Koma bulu wosamalidwa bwino ndi amene alendo amakhala naye nthawi yaitali kuposa chiweto chilichonse pa famu. Agogo amene sangakwere, mwana wazaka zitatu, munthu wolumala, mlendo amene amaopa hatchi, onsewo amathera kwa bulu kumupesa, kuyenda naye, kukwera kangolo kopepuka kuzungulira famu. Pa ulendo wapansi wokwera phiri amanyamula madzi ndi kamba anthu n'kumayenda manja ali lende.

Amati ndi wamakani, si zoona. Bulu akaopa sathawa ngati hatchi, amaima n'kuyang'ana kaye, ndipo akaona kuti mlatho kapena matope sakuwakhulupirira simungamukakamize. Kwa munthu amene wanyamulitsa mwana wake khalidwe limenelo ndi chitetezo. Mupatseni nthawi aone, anunkhize, adzadutsa yekha ndipo mawa sadzaiwala.

Kudya nde savuta, udzu wouma wokhwima, mapesi, masamba a tchire, zimene hatchi ingaonde nazo iye amakhala nazo bwino, ndipo mukamupatsa chakudya cha hatchi mukumupweteka, amanenepa khosi n'kudwala ziboda ngati kaponi kaja. Amakhala zaka 30 kapena kuposa. Koma ali ndi zake zimene simuyenera kuphonya. Ubweya wake umalowa madzi, ndiye amafuna denga nthawi ya mvula. Sakhala yekha, mugule awiri, ndipo awiri ozolowerana musawalekanitse chifukwa wina amasiya kudya, bulu akasiya kudya mafuta amadzaza m'magazi ndipo akhoza kufa m'masiku ochepa. Ali ngati agogo athu aja amene sanena kuti akudwala mpaka atagona, bulu wongokhala chete makutu ali pansi osadya, itanani dotolo tsiku lomwelo. Agalu sagwirizana nawo, n'chifukwa chake alimi ena amaika bulu pakati pa nkhosa kuti azithamangitsa nkhandwe, nde mlendo wobwera ndi galu wake mumuchenjeze. Ndipo sanyamula munthu wamkulu, ku Britain abulu okweza ana m'mphepete mwa nyanja malire ake ndi makilo 50 okha. Malire amenewo ndi amene amamulepheretsa kukhala msana wa bizinesi yokwera, ndalama yake imabwera pang'onopang'ono kudzera mwa ana ndi kangolo. Khola lake likhalenso lotseka bwino usiku, abulu akhala akubedwa m'maiko ambiri chifukwa cha malonda a zikopa zopita ku China, mpaka African Union inaletsa kupha abulu chifukwa cha zikopa mu Febuluwale 2024.

Nyulu ndingoitchula mwachidule, mwana wa bulu wamwamuna ndi hatchi yaikazi. Imanyamula munthu wamkulu, mapazi ake ndi otsimikiza, ku Grand Canyon ndi imene imatsitsa alendo mpaka pansi. Koma kupeza nyulu yophunzitsidwa chishalo kuno ndi ntchito, ndipo sibereka.

Ndiye mnzanga amene muli ndi malo ochepa ndi ndalama zowerengeka, ine ndingati yambani ndi abulu awiri ndi maponi akuluakulu awiri kapena atatu, hatchi yaikulu idzabwere alendo odziwa kukwera akayamba kuifunsa ndiponso mukapeza dotolo ndi wodula ziboda amene mungamuimbire foni n'kubwera. Kaponi kakang'ono kokongola kaja kakhale komaliza, ngati n'kofunika n'komwe, ntchito yake bulu amaigwira kale mofatsa. Amene malo anu ali pafupi ndi tauni ndipo makasitomala anu ndi anthu okwera kale, nkhani ndi ina, yambani ndi Boerperd ziwiri zofatsa.

Mukazisunga pamodzi zitatuzi, msipu zikhoza kudyera limodzi koma chakudya cha m'khola muzipatsa padera, apo ayi hatchi imathamangitsa anzake pa chodyera, kapena bulu ndi poni amaba chakudya cha hatchi n'kudwala. Mankhwala a njoka za m'mimba muzipereka kwa onse motsatira malangizo a dotolo, osasiya bulu poti akuoneka wathanzi, chifukwa iye amatha kusunga njoka za m'mapapo osatsokomola olo kamodzi, n'kumapatsira mahatchi kudzera mu ndowe pa msipu, inu n'kumadabwa kuti chifuwa cha mahatchi sichikutha bwanji. Chiweto chatsopano chikhale pachokha masabata awiri kapena atatu chisanalowe m'gulu, ndipo bulu wamwamuna wosathena asayandikire alendo kapena mahatchi aakazi.