Golf GTI kapena WRX STI pa misewu ya Lilongwe

Chigulitsireni Golf GTI yanga n'kutenga Subaru WRX STI, anzanga sakundipumitsa. Wina amandiimitsa pamzere wa mafuta, wina amaimba usiku: "Achimwene, nditenge iti?" Ndiyankhe kamodzi pano. Ndikukamba za GTI ya Mk7 (m'badwo wachisanu ndi chiwiri wa Volkswagen Golf), yomwe inatuluka mu 2013, ndi STI ya ku Japan ya 2014 kupita m'tsogolo, ija ya injini ya EJ20.

Za liwiro nonse mukudziwa. STI ili ndi 308 PS (muyezo wa mphamvu ya injini) ndipo imakoka ndi matayala onse anayi, GTI ili ndi 220 ndipo imakoka ndi akutsogolo okha. Injini zonse ziwiri zangotsala pang'ono kufika 2000 cc, ndiye pa msonkho wa MRA kukula kwa injini si kumene kudzakusiyanitseni.

M'tauni GTI ndi yokoma, sindingabise. Chokani ku Area 47 m'mawa kupita ku Old Town, mukaime pamzere wa pamlatho wa Lilongwe. Mu GTI ya otomatiki mumangochotsa phazi pa buleki, giyabokosi imachita yokha. Mu STI klatchi ndi yolimba, pofika ku Malangalanga mwendo wakumanzere watopa. Pa mahampu zonse zimagunda pansi mukapanda kudutsa chopingasa.

Chimene chinandichotsa pa GTI ndi giyabokosi, koma ndinene poyera kuti galimoto inalibe mlandu. Giyabokosi yake, yotchedwa DSG, si otomatiki wamba. M'katimo muli maklatchi awiri oviikidwa mu oyilo, ndi kachipangizo kotchedwa mechatronic kamene kamalamula magiya. Oyilo wake ndi wapadera ndipo amafunika kusinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse pamodzi ndi fyuluta yake. Nthawi itakwana ndinaipititsa ku galaja ina ku Biwi komwe ndinkakonzetsa galimoto zanga zakale. Ndinafunsa ngati oyilo wa DSG ali naye. Amakaniko anati, "Bwana musadandaule, otomatiki ndi otomatiki." Madzulo pokatenga galimoto ndinaona chigubu pambali pa dzenje, pakamwa pake pali madontho a oyilo wofiira, uja timathira m'ma Toyota. Mtima unagunda, koma anali munthu amene ndamudziwa zaka zambiri, ndiye ndinalipira n'kunyamuka.

Patapita milungu ingapo galimoto inayamba kunjenjemera ponyamuka, makamaka pa raundiabauti ikatentha. Tsiku lina tikupita ku Senga Bay ndi mayi a kunyumba ndi ana, titangodutsa pa Chezi, zilembo za magiya zinayamba kuphethira. Ndikaponda, injini imangolira, galimoto osapita. Tinakhala m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo mpaka yodzatikoka inafika.

Maklatchi anali atapsa, mechatronic nayo inafunika ina. Zinthuzi sindinazipeze m'mashopu a masipeya muno, zinayenera kuchokera ku Johannesburg. Tsoka lake inali Novembala 2023, mwezi womwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mtengo umene anandiuza poyamba unasintha ndisanatumize n'komwe, ndipo kupeza ma rand kunali nkhondo ina. Galimoto inakhala miyezi inayi pansi pa mtengo wa mango kunyumba, masamba atadzaza pa galasi, tayala limodzi litaphwa. Zipangizo zitafika ndinayeneranso kusaka munthu wokhala ndi kompyuta yoti giyabokosi iphunzirenso maklatchi atsopanowo, chifukwa kungomanga n'kuliza sikokwanira. Mpaka lero ndikaona oyilo wofiira ndimakumbukira ana anga atakhala pamwala pa Chezi paja.

STI ya mtunduwu ilibe otomatiki. Ndi magiya asanu ndi limodzi a pamanja, ndipo klatchi ikatha makaniko wodziwa ntchito amaisintha popanda kompyuta. Masipeya ambiri amabwera njira yomwe galimotozo zimadzera, ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Kwa ine ichi chokha chinakwanira.

Koma musaitenge ngati yopanda vuto. Injini ya EJ20 inapangidwira petulo wa octane wokwera (wosaphulika msanga mu injini) amene amagulitsidwa ku Japan, pomwe ife papampu timathira mtundu umodzi womwewo, wosakaniza ndi ethanol. Mukamaiponda mpaka pansi m'kutentha kwa Okutobala, petulo amatha kuphulika nthawi isanakwane, ndipo pisitoni ikang'aluka mwalowa m'mavuto oposa anga aja. Ine ndinaipititsa kwa munthu wodziwa kuti achepetse ukali wa turbo kuti ugwirizane ndi mafuta athu, ndipo oyilo ndimamuyang'ana Loweruka lililonse. Lamba wa timing amasinthidwa pa makilomita 100,000. Wogulitsa akalephera kukuonetsani kuti anasinthidwa, muwerengere ndalamayo pa mtengo.

Mafuta STI imamwa, pamenepo GTI yapambana kutali. Thanki ya STI ndi ya malita 60, ya GTI 50, koma pa nthawi ya mizere ya mafuta ija ine ndinkabwerera kupampu mnzanga wa GTI asanaganizeko. Mabuleki a STI, a kampani ya Brembo, nawo si otsika mtengo.

Nthawi ya mvula ndiye STI imabweza ngongole. Kukwera ku Dedza msewu uli chonyowa, pamakona imagwira ngati yamatidwa, pomwe GTI ukaiponda potuluka pakona matayala akutsogolo amayamba kupalasa.

Ndiye mukandifunsa, ndimati STI, ndipo ndikudziwa kuti chilonda cha pa Chezi chikuyankhula nawo. Amene amayenda m'tauni mokha ndipo mwendo sufuna klatchi, atenge GTI. Koma musanapereke ndalama funsani risiti ya oyilo wa DSG, muiyendetse mpaka itenthe, kenako muime ndi kunyamuka kangapo pamtunda kuti mumve ngati ikunjenjemera. Tsiku losintha oyilo mukagule nokha mabotolo osatsegula, olembedwa DSG, ndipo muime pomwepo mpaka botolo lomaliza lithiridwe.