Msika wapamadzi: Damnoen Saduak, Amphawa kapena Cai Rang?

Anzathu amene mumapita ku Bangkok kukaoda katundu, mukatsala ndi tsiku lopuma ndege isananyamuke, pahotela amakuonetsani chithunzi chimodzimodzi: amayi a zipewa zoluka akupalasa mabwato odzaza zipatso. Kawirikawiri chithunzicho chimakhala cha Damnoen Saduak. Koma misika imeneyi siyofanana ayi. Musanalipire boti, dzifunseni kuti pamsikapo akugulitsa ndani, nanga akugula ndani.

Damnoen Saduak ili m'chigawo cha Ratchaburi, pafupifupi makilomita 100 kuchokera ku Bangkok. Ngalande yake ndi yakalekale: anaikumba pakati pa 1866 ndi 1868 polamulidwa ndi Mfumu Rama IV, kuti ilumikize mitsinje ya Mae Klong ndi Tha Chin, ndipo ndi yotalika makilomita 32. Msika umachitika tsiku lililonse, kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 12 koloko. Lero ogula pafupifupi onse ndi alendo. Ikamakwana 9 koloko mabasi afika, mabwato apanikizana, maboti a injini akupopera utsi kumaso kwa anthu amene ali m'mabwato opalasa. M'mbali mwa ngalande muli timashopu ta malaya ndi tinjovu tosema, ndipo wogulitsa amakola bwato lanu ndi ndodo ya ngowe n'kulikokera kwa iye, mufune musafune. Mtengo woyamba umene akutchulireni si wogulira, nenererani. Chenjeraninso ndi madalaivala amene amakakutsitsani padoko lakutali ndi msika, pamene boti lake ndi lodula kwambiri, chonsecho msikawo umafikika ndi galimoto ndipo mabwato opalasa amapezeka pomwepo. Zithunzi zokha zimatuluka bwino, makamaka mukafika 8 koloko isanakwane.

Amphawa, m'chigawo cha Samut Songkhram, ili pafupi ndi pamenepo koma khalidwe lake ndi lina. Imatsegula Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu lokha, kuyambira masana mpaka usiku, ndipo amene amadzazako ndi anthu a ku Bangkok eniake obwera kudzadya. Zimenezi zimathandiza mitengo ndi kakomedwe ka chakudya, chifukwa mwini dziko simungamupusitse. Kunena zoona, malonda ambiri ali pamtunda, m'makhonde a nyumba zamatabwa zakale zondanda m'mbali mwa ngalande. Koma mabwato alipo, atamangiriridwa m'munsi mwa masitepe, mbaula ya makala ikunyeka m'katimo. Inu mumakhala pasitepe, mumaloza nkhanu kapena nsomba imene mwaikonda, mayi amaiotcha muli kuona, n'kukupatsirani mbale ndi tsabola wake. Yesani pla thu, nsomba imene anthu a ku Mae Klong amanyadira nayo.

Ulendo wa pa boti ku Amphawa ndi umene ndimauona kuti ndi wopindulitsa. Masana maboti amazungulira akachisi a Chibuda a m'mbali mwa mtsinje, kuphatikizapo Wat Bang Kung, kachisi wamng'ono amene mizu ya mitengo ya mtundu wa kachere inamukuta yense. Polowa vulani nsapato, ndipo mapewa ndi maondo zikhale zophimbidwa. Kukada maboti amapita kukaona ziphaniphani zikuthwanima m'mitengo ya m'gombe, ndipo zimachuluka nyengo yamvula. Amene munakulira kumudzi mwina museka kuti munthu alipire ndalama chifukwa cha ziphaniphani, komabe mphepo ya pamtsinje usiku, mutapsa ndi dzuwa tsiku lonse, ndi yokoma. Kufupi ndi Amphawa kulinso msika wa Maeklong, kumene sitima imadutsa pakati pa mabenchi, ogulitsa n'kumapinda matenti awo ikamabwera.

Cai Rang ndi nkhani ina, chifukwa ili ku Vietnam, mumzinda wa Can Tho, makilomita pafupifupi 170 kuchokera ku Ho Chi Minh City. Ndi ulendo wapawokha ndi viza yake, ngakhale kuti kuyambira mu 2023 dzikolo limalola anthu a mayiko onse kufunsira viza pa intaneti. Pa misika itatuyi, uwu ndi umene uli wopikulitsa. Maboti akuluakulu amatabwa, ojambulidwa maso kutsogolo, amabwera ndi mavwende, zinanazi, mbatata, maungu ndi kabichi, ndipo timabwato ting'onoting'ono timadzapikula. Pamtsinje waukulu ndi phokoso la injini kuitanira malonda n'kutaya mawu, choncho aliyense amaimika nsungwi yaitali n'kupachikapo chimene akugulitsa. Mukaona chinanazi chikulendewera m'mwamba, mwadziwa katundu wa m'botimo muli patali. Mabanja ena amakhala m'maboti momwemo, zovala zili pachingwe, mphika uli pamoto. Amene munafikako padoko ku Nkhotakota kapena ku Mangochi m'bandakucha asodzi akukocheza, mukudziwa kuti wochedwa amapeza zatha. Kunonso n'chimodzimodzi: nyamukani padoko la Ninh Kieu cha m'ma 5 koloko, mtunda wake ndi makilomita 6, ndipo ikamadutsa 8 koloko malonda amakhala atazilala. Chakudya cham'mawa, msuzi wa hu tieu ndi khofi, chimakupezani pamadzi pomwepo.

Boma la Vietnam linaika Cai Rang pamndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2016, koma msikawo ukucheperachepera. Misewu ndi milatho zachuluka, mlatho waukulu wa Can Tho unatsegulidwa mu 2010, ndipo alimi ambiri tsopano amatumiza zokolola pa lole. M'mawa wina maboti a alendo amatha kuposa a amalonda.

Ine ndikanakhala ndi tsiku limodzi ku Bangkok, litagwera kumapeto a sabata, ndikanapita ku Amphawa mosaganiza kawiri, n'kudzera ku Maeklong masana. Damnoen Saduak ndi ya munthu amene tsiku lake lagwera pakati pa sabata, kapena amene akungofuna chithunzi. Wofuna kuona malonda enieni apamadzi apite ku Cai Rang, ndipo akagone ku Can Tho komweko, chifukwa maulendo onyamuka ku Ho Chi Minh City m'mawa amafika msika utabalalika.