Squier ya pinyolo ya R1,500: gitala ndi yabwino, koma shopu ija sindidzapondamonso

Nyenyezi imodzi kwa ogulitsa, zinayi kwa gitala. Ndi gitala yamagetsi, Squier Bullet Strat yakuda (mtundu wotchipa wa Fender Strat), kumbuyo kwa mutu kunalembedwa kuti inapangidwa ku Indonesia. Ndinaigula R1,500 mu shopu ina ya pinyolo ku Rosettenville, ku Johannesburg, mwa zija zodzaza ma TV, mafoni ndi zida za mabilidala zimene eni ake analephera kuwombola. Ndimaimba lead mumpingo wathu wa Amalawi ku Turffontein, ndipo zobwereka gitala Lamulungu lililonse zinali zitanditopetsa.

Chimene chandilembetsa ndi mmene anandigulitsira. Mnyamata wa pa kauntala anailumikiza ku kaampu kawo, kukweza distortion (mawu okhakhala aja) mpaka kumapeto, switch ili pa pickup (kachipangizo kotola mawu a nsambo) ya ku bridge, kumunsi kumene nsambo zimathera, n'kukhwakhwaza pang'ono. Nditapempha kuti ndiyese ndekha pa clean, popanda distortion, anati chingwe n'chachifupi ndipo kasitomala saloledwa kuseri kwa kauntala. Anandipatsa gitala yosalumikiza. Ndinamufunsa momveka bwino ngati ma pickup onse atatu akugwira ntchito, iye n'kuyankha akundiyang'ana m'maso kuti onse ali bwino, mkati simunakhudzidwepo.

Ampu imene timagwiritsa ntchito ndi ya mpingo, imakhala yokhomeredwa, choncho gitalayi ndinailumikiza ndekha koyamba Loweruka, pa chinkhoswe cha mwana wa mkulu wa mpingo. Holo yadzaza, amayi avala zitenje zofanana, a MC akuitana akuchikazi kuti ayambe kufupa. Ndinakankha switch kupita pakati, pamene pamatuluka mawu owala aja oyenera nyimbo zathu zakumudzi. Zii. Kubwerera ku bridge, phokoso ngati njuchi zalowa mu sipika, ndipo kugwira nsambo sikunalichepetse n'pang'ono pomwe. Ndikangosuntha mwendo, jack, polowetsa chingwe paja, imathetheka mpaka ana kutseka makutu. Wa keyboard ndi amene anatipulumutsa, anaimba mbali yanga yonse, ine nditaima pamenepo gitala ili pakhosi, volume ili pa ziro, anthu ondidziwa akundiyang'ana mwachisoni. Mayi a mkwatibwi anali atandipempha okha kuti ndidzaimbe. Zimenezo ndi zimene zikundiwawabe.

Usiku womwewo ndinamasula pickguard, chipulasitiki chakutsogolo chophimba mawaya. Mawaya anali opotedwa ndi manja, okulungidwa ndi tepi ya khaki yomatira makatoni. Waya wa pickup yapakati unali woduka, ndipo wa ground, umene umapita kumbuyo pa chitsulo chokoka masipuling'i, unali kungolendewera. Munthu anatsegulamo, anaona, anatseka, n'kumata mtengo.

Lolemba ndinabwerera ndi risiti. Mnyamata uja anachita ngati sanandionepo. Bwana wake anandilozera chikwangwani chobisika kuseri kwa chitseko chonena kuti katundu amagulitsidwa voetstoots, ndiye kuti mmene alilimo. Atamva kalankhulidwe kanga anasiya nkhani ya gitala n'kuyamba kufunsa kumene ndimachokera ndiponso ngati ndili ndi mapepala. Abale anga a kuno ku Joni, funso limeneli mukulidziwa, ndipo mukudziwa chimene amafunsira. Mapepala ndili nawo, koma ngakhale ndikanapanda, waya woduka ndi woduka. Lamulo la dziko lino loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto, kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, ndipo wabizinesi wogulitsa zakale sangalizembe ngati vutolo sanakuuzeni. Pogulana munthu ndi munthu pa Facebook Marketplace kapena Gumtree m'pamene chitetezo chimenechi palibe. Nditawauza zimenezi anaseka, n'kunena kuti ndisankhe china cha mtengo womwewo. Chinalipo ndi wailesi ya galimoto. Ndinanyamula gitala yanga, mtima uli m'mwamba, nditatsimikiza kuti ndataya ndalama.

Amene anandibweza maganizo ndi madala ena a ku Bulawayo amene amakonza maampu ndi mawailesi m'kachipinda ku Yeoville. Sanayambe n'komwe ndi mawaya. Anainyamula ngati akuloza nayo pawindo, diso limodzi lotsinzina, kuyang'ana kuwongoka kwa khosi. Kenako anadina nsambo pa fret yoyamba ndi yomaliza (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi), kuona mpata wotsala pakati, n'kulowetsa Allen key mu truss rod (chitsulo cha mkati mwa khosi choliwongolera), kupotoza pang'ono chabe. Inatembenuka bwinobwino. "Mwana wanga," anatero, "khosi ili ndi labwino. Zinazi ndi za ola limodzi." Pickup yapakati atayiyeza ndi mita inapezeka yamoyo. Anawotcherera mawaya onse, kuika jack yatsopano, kumata tepi ya mkuwa mkati mwa thupi kuti phokoso lichepe, kupala timipata ta nut (modutsa nsambo kumutu) n'kupakamo pensulo, kuika nsambo zopyapyala za 9-42, n'kuchuna bridge mpaka fret ya 12 iliyonse inagwirizana ndi nsambo yake. Anapalanso nsonga za ma fret zimene zimakanda chala. Anati ndi matenda a kuno: mu June ndi July mpweya wa Johannesburg umauma kwambiri, thabwa limanyala pang'ono, chitsulo n'kutsala chitatulukira m'mbali. Zonse pamodzi R500.

Kunena chilungamo, gitala imene inatuluka m'kachipindamo sindinaiyembekezere. Ndi yopepuka, paphewa siilemetsa ngakhale mapemphero atalike, ndipo pa clean ili ndi mawu oonekera bwino pakati pa keyboard ndi bass. Kaphokoso kakang'ono kakadalipo, koma ndi chibadwa cha ma pickup amtundu umenewu, a single coil, amatola kulira kwa magetsi a 50 Hz. Ngakhale Fender yodula imatero ikayandikira mababu ena.

Tsono za kuikonza kuti ikwere, zimene anyamata amakangana tsiku ndi tsiku. Ine ndasintha makiyi ochunira okha, ndipo tremolo (mbali ya bridge yogwedezera mawu) ndinaimangitsa ndi kathabwa chifukwa sindiigwiritsa ntchito. Kuyambira pamenepo imasunga chuni mpaka mapemphero kutha. Ena akundikakamiza kuti ndiike ma pickup a Seymour Duncan. Ndi abwino, sindikukana, koma atatuwo mtengo wake uposa gitala yonse, ndipo tsiku logulitsa wogula adzawerenga dzina la pamutu, osati zimene munabisa mkati. Komanso zida sizimangolowa. Magitala otchipa a ku Asia amayezedwa m'mamilimita pamene zida zambiri za ku America zili m'mainchi, ndiye pot (kachipangizo kokwezera volume) ya ku America imafuna kukulitsa bowo la pickguard, mwinanso ma knob akale osakwana. Thupi la Bullet ndi lopyapyala kusiyana ndi la Strat yeniyeni, choncho chitsulo chachikulu cha tremolo chikhoza kutulukira kumbuyo. Ndalama imeneyo ine ndikusungira ampu yangayanga.

Mnzanga ali ndi Yamaha Pacifica 112 yakaunjika, ili ndi humbucker (pickup yochepetsa phokoso) ku bridge, ndipo mukaipeza pa mtengo wokwererapo pang'ono itengeni osazengereza. Koma iliyonse imene truss rod yake yauma kapena khosi lapindika cham'mbali, isiyeni pomwepo ngakhale atakutsitsirani mpaka R500.

Mukapita mu mashopu amenewa nyamulani chingwe chanu ndi kaampu ka mabatire, yesani malo onse asanu a switch pa clean, gogodani pickup iliyonse ndi kachitsulo kuti mumve ngati ikuyankha, gwedezani jack. Akakana, tulukani. Mphwanga akubwera kuchokera ku Mangochi ndipo akufuna bass. Mu shopu ija pawindo pali ina yofiira yooneka bwino, koma ndikamutengera kwa madala a ku Yeoville kuti atifunire kwina.