Maphunziro a madalaivala onyamula mabwana mu Blantyre: masamu ndi abwino, koma bweretsani galimoto yanu

Kampani ina yachitetezo muno mu Blantyre imaphunzitsa madalaivala onyamula mabwana ndi alendo a mabungwe. Si malo otengera laisensi. Wopita kumeneko ayenera kukhala wodziwa kale chiwongolero. Chomwe maphunzirowa akupambanira n'chakuti mlangizi salola yankho lakuti "ndimathamanga pang'ono, bwana." Amafuna nambala.

Amayamba ndi kugawa liwiro ndi 3.6, kuti mudziwe mamita amene galimoto ikuyenda pa sekondi imodzi. Pa makilomita 60 pa ola ndi mamita pafupifupi 17, pa 100 ndi 28. Munthu watcheru amatha sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pamene waona choopsa kufika pamene waponda buleki. Ndiye kabaza akatulukira kuseri kwa minibasi pa Masauko Chipembere Highway, dalaivala wa pa 60 amakhala atapita kale mamita 17 mpaka 25 phazi lisanafike pa buleki. Kuti galimotoyo iime pa phula louma, matayala ali abwino, pamafunikanso mamita ena 20. Phula likanyowa ndi chiperoni, mamitawo amatha kufika 35. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi: pa 120 mumadutsa mamita 80. Ubwino wake, sathera pa bolodi. Amaika makoni pabwalo, aliyense amayamba wanena pamene akuganiza kuti aima, kenako tepi imayeza. Ambiri amaima kutali ndi pamene ananena.

Gawo la pokhota ndi limene lili ndi nyama. Mphamvu yokankhira galimoto kunja imapezeka pochulukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo, m'mamita pa sekondi, n'kugawa ndi radius ya pokhotapo, kutanthauza mtunda wochokera pakati pa bwalo limene pokhotapo pangapange kufika pamsewu. Yankho mukaligawanso ndi 9.8 limakhala mu g, muyeso woyerekeza ndi mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Pokhota pa radius ya mamita 50, liwiro la 60 limafuna 0.57g kwa matayala. Mukafika pa 80, pamafunika 1.0g, pomwe matayala wamba pa phula louma amagwira cha m'ma 0.7 kapena 0.8. Makilomita 20 okhawo ndi amene amakutulutsani mumsewu. Mlangizi amatsindikanso kuti tayala lililonse limagunda pansi pamalo ongofanana ndi chikhatho, ndipo kugwira kwake n'kumodzi: mukakuthera pa buleki, kokhotera palibe. N'chifukwa chake liwiro lichepe musanalowe pokhota. Pa galimoto ya ABS, makina oletsa matayala kusiyiratu kuzungulira mukaponda buleki, pondani mwamphamvu, musachotse phazi ngakhale buleki ikunjenjemera, maso aloze kumene mukufuna kupita.

Za chitetezo chenicheni amazifotokoza mwachidule koma molondola. Mukaima pamzere wa magalimoto ku Ginnery Corner kapena pa Clock Tower, muzitha kuona pamene matayala akumbuyo a mnzanu akugunda phula, kuti mutuluke osabwerera m'mbuyo. Pageti la bwana musayandikitse mphuno ya galimoto geti lisanatsegulidwe.

Pofooka pali pawiri, ndipo mpofunika. Zoyeserera zambiri zimachitikira pa galimoto yaing'ono yotsika, pomwe ophunzirawa kuntchito amayendetsa Land Cruiser kapena Prado. Galimoto yaitali yotere kulemera kwake kuli m'mwamba, moti mukapinda chiwongolero mwadzidzidzi kumanja kenako kumanzere imatha kugubuduzika pamene yaing'ono ikanangotsetsereka. Ikakhala yosalowa zipolopolo, zitsulo ndi magalasi ake zimawonjezera makilogalamu mazanamazana, mabuleki n'kumatentha msanga. Dalaivala amene waphunzira malire a galimoto ina amatuluka ndi chidaliro cholakwika, ndipo zimenezo n'zoopsa kwa iye ndi amene wanyamula.

Chachiwiri, nkhani ya kutentha kwa mabuleki pamtsetse imathera m'kalasi. Aliyense wotsika mapiri opita ku Chikwawa ayenera kuzolowera kugwira galimoto ndi giya yotsika, kuponda buleki mwamphamvu kwakanthawi n'kuisiya kuti izizire, osati kuikhalira njira yonse. Izi zimafuna msewu weniweni, mlangizi ali pambali.

Abwana amene mukufuna kutumiza dalaivala wanu, tumizani, maphunzirowa ndi oyenera ndalama. Koma musanalipire, gwirizanani kuti zoyeza mabuleki ndi zozungulira makoni zichitikire pa galimoto ya kuntchito, itanyamula katundu ngati wa masiku onse, mpweya wa m'matayala utayezedwa m'mawa asanatenthe. Pemphaninso kuti nambala za dalaivala aliyense azilembe papepala, kuti pobwereza maphunzirowa mudzakhale n'chofanizira.